KACITSULO KOTAYIKA PAULENDO: Phunziro la zipangizo zopimira zokhala ndi redieshoni

Pa 27 January 2023, akuluakulu a zaumoyo m'cigawo ca Western Australia anaitana atolankhani mwadzidzidzi ndi kucenjeza anthu onse za kacitsulo kamene kanatayika pa mseu. Kacitsuloko kanali kakang'ono ngati njere ya cimanga, mamilimita 8 m'litali ndi mamilimita 6 m'mimba mwake. Koma kaamba ka iko, ozimitsa moto, asilikali ndi akatswiri a sayansi anatha masiku akufunafuna pa mseu wa makilomita 1,400. Mtunda umenewu uposa ulendo wocoka ku Chipata kupita ku Lusaka ndi kubwereranso.

Mkati mwa kacitsuloko munali caesium-137, cinthu cimene cimaturutsa ceza coopsa cochedwa redieshoni. Kanagwa kucokera m'cipangizo copimira ca pa mgodi pamene cipangizoco cinali pa lole. Zipangizo za mtundu umenewu ziriponso m'Zambia muno, ndipo zimayenda pa miseu yomweyi imene anthu amayendamo tsiku ndi tsiku. Cotero phunziro lino lifotokoza nchito ya zipangizozi, mmene zimatayikira, zimene ceza cimacita m'thupi la munthu, ndi zoyenera kucita wina akatola cinthu cokayikitsa.

KODI REDIESHONI NCIANI?

Cinthu ciri conse cinapangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri tochedwa maatomu. Maatomu a zinthu zambiri ndi okhazikika. Koma a zinthu zina, monga caesium-137, cobalt-60 ndi iridium-192, amasweka pang'onopang'ono, ndipo posweka amaturutsa mphamvu imene imabooleza nsaru, thabwa, khungu ndi mnofu. Mphamvu imeneyi ndiyo ceza ca redieshoni.

Anthu ambiri adziwa X-ray ya ku cipatala. Nayonso ndi ceza, koma makina ake amayendera magetsi. Akazimitsidwa, ceza cimatha pomwepo. Kacitsulo ka caesium kalibe pozimitsira. Kamaturutsa ceza usana ndi usiku, kaya kali m'cipangizo cake, kaya kali m'ngalande ya pa mseu. Mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka 30 ziri zonse. Ya cobalt-60 imatsika ndi theka pa zaka zoposa 5 pang'ono, pamene ya iridium-192 imatero pa masiku 74.

Akale anati tsoka silinunkha. Ceza cimeneci ciribe fungo, ciribe mtundu, sicimveka m'makutu, ndipo munthu amene cikumulasa samva kuwawa pa nthawiyo. Makina apadera okha ndiwo amacizindikira.

ZIPANGIZO ZIMENEZI ZIMAGWIRA NCHITO YANJI?

Pali mitundu itatu imene anthu wamba angakumane nayo.

Coyamba ndi geji ya pa mgodi kapena m'fakitale. Imamangiriridwa pa paipi, pa thanki kapena pa lamba wonyamula miyala. Kacitsulo ka ceza kamakhala mbali imodzi, ndipo makina owerenga ceza amakhala mbali inayo. Ngati matope a miyala amene akuyenda m'paipi ali olimba, ceza cofika tsidya linalo cimacepa. Ngati ali amadzimadzi, cimaculuka. Motero anchito amadziwa za mkati mwa paipi popanda kuitsegula.

Caciwiri ndi geji ya omanga miseu. Imaoneka ngati kabokosi, kawirikawiri kacikasu, kokhala ndi ndodo ya citsulo ndi cogwirira pamwamba. Ndodoyo amailowetsa m'nthaka kuti aone ngati dothi lapsinjika bwino asanathire tara. Ceza cake ndi cocepa poyerekeza ndi mitundu iwiri inayo, koma popeza munthu mmodzi akhoza kuinyamula, imabedwa kawirikawiri m'mamotoka.

Cacitatu ndi kamera yopimira malo owocherera zitsulo. Imajambula mkati mwa mapaipi ndi mathanki kuti ione ming'alu, monga mmene X-ray imaonera fupa lothyoka. Mumakhala iridium-192 kawirikawiri, ndipo ceza cake ndi camphamvu kwambiri koposa mitundu iwiri yoyambayo.

M'zipangizo zonsezi kacitsulo ka ceza kamatsekeredwa m'cotengera ca mtovu kapena citsulo cina colemera cimene cimachinga ceza. Kakakhala m'menemo, ndipo anthu ophunzitsidwa akucisamala, ngozi imakhala yocepa. Bvuto limayamba kakaturuka m'cotengera cake, kapena cipangizo conse cikagwera m'manja mwa munthu wosadziwa.

MMENE KANATAYIKIRA KU AUSTRALIA

Geji imene inabweretsa mantha ku Australia inali ya pa mgodi wa citsulo wa Gudai-Darri, wa kampani ya Rio Tinto, kumpoto kwa cigawoco. Inapakiridwa m'bokosi kuti ipite ku mzinda wa Perth. Lole inanyamuka pa 12 January 2023 ndipo katunduyo anafika pa 16 January. Bokosilo linaikidwa m'nyumba yosungiramo katundu wotere, ndipo linakhala osatsegulidwa kwa masiku 9.

Pa 25 January, anchito atatsegula bokosilo, anapeza geji itaphwasuka. Bauti imodzi mwa mabauti anayi omangira inali itasowa, timisomali tomangira gejiyo tinali titasowanso, ndipo kacitsulo ka caesium munalibe. Akatswiri anaganiza kuti kugwedezeka kwa lole pa ulendo wautaliwo kunamasula bautiyo, kacitsuloko nkudzera pa boowo, nkugwera pa lole, kenaka pa mseu.

Pamene anthu anacenjezedwa, panali patapita pafupifupi masabata awiri kacitsuloko kali panja. Akuluakulu a zaumoyo anafotokoza kuti munthu woima mita imodzi kucokera pa iko kwa ola limodzi angalandire ceza cofanana ndi ma X-ray 10. Muyeso wake unali mamilisiveti 2 pa ola, pamene munthu wamba amalandira pafupifupi mamilisiveti 2.4 pa caka cathunthu kucokera ku nthaka, mpweya, cakudya ndi kumwamba. Anthu anauzidwa kuti akakaona atalikire mamita 5, asakagwire, ndipo asakaike m'thumba kapena m'motoka. Panalinso nkhawa yakuti kangakanirire m'tayala la motoka ndi kupita kutali.

Magulu ofufuza anayenda pang'onopang'ono pa mseu waukuru wochedwa Great Northern Highway ali ndi makina ozindikira ceza. Pa 1 February, makina amene anali m'motoka yothamanga makilomita 70 pa ola analira. Kacitsuloko kanapezeka makilomita 74 kumwera kwa tauni ya Newman, kali pa mtunda wa mamita awiri kucokera m'mphepete mwa mseu. Anachinga malowo mamita 20 kuzungulira, anatsimikiza nambala yolembedwa pa iko, ndi kukatsekera m'cotengera ca mtovu.

Palibe munthu anapezeka atabvulala. Cinathandiza ndi cakuti kanagwera m'dera la cipululu kumene anthu oyenda pansi ndi ocepa. Kakanagwera pafupi ndi sukulu kapena msika, mwana akanatha kukatola ngati coseweretsa. Kampaniyo inapepesa, ndipo anthu ambiri anadabwa kumva kuti cindapusa cacikuru cimene lamulo la cigawoco linaika pa nthawiyo cinali madola 1,000 a ku Australia okha.

PAMENE KUFUNAFUNA KUNALEKEDWA

Nkhani ina ionetsa zimene zimacitika kacitsulo kotere kakapanda kupezeka. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kacitsulo ka caesium-137 kanatayika kucokera m'geji ya pa malo ophwanyira miyala ku Ukraine, imene pa nthawiyo inali mbali ya Soviet Union. Anakafuna kwa kanthawi, ndipo atalephera anangosiya. Kanapita pamodzi ndi miyala yomangira, ndipo kanathera m'cipupa ca konkire ca nyumba ina ya nsanjika mu mzinda wa Kramatorsk.

Banja loyamba kukhala m'nyumbamo linataya mwana wamkazi, kenaka mwana wamwamuna, kenaka amayi awo. Onse anafa ndi khansa ya m'magazi. Madokotala anaganiza kuti ndi nthenda ya ku mtundu. Banja lina litalowa m'nyumba yomweyo, mwana wawo wamwamuna anamwaliranso ndi nthenda imodzimodziyo. Atate a mwanayo anaumirira kuti pafufuzidwe, ndipo m'caka ca 1989 akatswiri anapeza kacitsuloko m'cipupa. Anthu anayi anali atamwalira, ndipo ena 17 analandira ceza pa miyeso yosiyanasiyana.

Kacitsulo ka ku Australia ndi ka ku Kramatorsk kanali ka mtundu umodzi. Kusiyana kwake ndi kwakuti kwina anthu anauzidwa ndipo ofufuza sanaleke kufikira kanapezeka, pamene kwinako nkhani inakwiriridwa kwa zaka pafupifupi 10.

CIFUKWA NINJI ZIMATAYIKA PAULENDO?

Cipangizo cikakhala pa nchito cimakhala ndi mwini wake wodziwika, malo ake ndi loko wake. Koma nthawi ndi nthawi ciyenera kuyenda: pocokera ku dziko kumene cinapangidwa, popita kukakonzedwa, posamukira ku malo ena a nchito, kapena pobwezedwa cikakalamba. Paulendo cimadutsa m'manja ambiri. Wopakira ndi wina, woyendetsa ndi wina, wolandira ndi winanso, ndipo ali yense akhoza kuganiza kuti mnzake waona kale kuti zonse ziri bwino.

Bungwe la United Nations loona za mphamvu ya atomu, International Atomic Energy Agency, limene Zambia inalowamo m'caka ca 1969, limasunga kaundula wa zinthu zotere zotayika, zobedwa kapena zopezeka pa malo osayenera. Kucokera m'caka ca 1993 milandu yolembedwamo yaposa 4,000. Pa milandu ya kuba, yoposa theka inacitika katundu ali paulendo.

Nthawi zambiri mbala sizifuna ceza ai. Zimafuna motoka kapena citsulo cogulitsa. Mu December 2013 ku Mexico, mbala zinalanda lole pa malo omwetsera mafuta pamene woyendetsa anali kupumula. M'lolemo munali cobalt-60 wocokera ku cipatala ca ku Tijuana. Patapita masiku awiri anapezeka m'munda pafupi ndi tauni ya Hueypoxtla, ataturutsidwa kale m'cotengera cake.

Nthawi zina colakwa ndi kusasamala. Mu April 2002 ku Bolivia, kamera yopimira zowocherera inatumizidwa ngati katundu wamba pa basi ya anthu kucokera ku Cochabamba kupita ku La Paz. Kacitsulo ka iridium sikanabwerere bwino m'cotengera cake, ndipo panalibe amene anapima asanapakire. Apaulendo analandira ceza kwa maola ambiri osadziwa kanthu.

ZIMENE CEZA CIMACITA M'THUPI

Ceza cimaononga maselo, makamaka amene amaswana mofulumira: a m'mafuta a m'mafupa kumene magazi amapangidwa, a m'matumbo, a pa khungu ndi a m'mizu ya tsitsi. Ana ndi makanda amene ali m'mimba amaonongeka msanga koposa akulu cifukwa matupi awo akali kukula.

Kubvulala kuli m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi zironda za pa khungu. Zimabwera pa malo amene anakhudza kacitsuloko, monga zala, cikhatho, nchafu kapena matako. Poyamba khungu limafiira kapena kuyabwa, kenaka limaoneka ngati lapola. Patapita sabata imodzi kufikira atatu pamabuka matuza ngati a moto, ndipo cironda cake cimalowa mkati ndi kukana kupola. Mu February 1999 ku Yanango m'dziko la Peru, munthu wina wowocherera zitsulo anatola kacitsulo ka iridium kamene kanagwa kucokera m'kamera, nakaika m'thumba la kumbuyo la buluku kwa maola angapo. Atamva kuwawa anapita kwa dokotala, amene anaganiza kuti walumidwa ndi kacirombo. Pomaliza mwendo wake unadulidwa. Mkazi wake nayenso anapsa cifukwa buluku lokhala ndi kacitsuloko linafika m'nyumba.

Gulu laciwiri ndi kudwala kwa thupi lonse, kumene kumayamba munthu akalandira mamilisiveti pafupifupi 1,000 kapena kuposa pa nthawi yocepa. M'maola oyamba amacita nseru, amasanza, amafooka, ndipo ena amatsegula m'mimba. Kenaka amapeza bwino kwa masiku angapo kapena masabata, ndipo apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Mkati mwa thupi maselo a magazi amakhala akutha. Pambuyo pake thupi limatentha, matenda amalowa mosabvuta, m'kamwa ndi m'mphuno mumacoka magazi, ndipo tsitsi limathothoka. Munthu akayamba kusanza msanga pambuyo pokhala pafupi ndi cinthuco, ndiye kuti ceza cimene walandira ndi cambiri.

Gulu lacitatu ndi khansa imene imabwera patapita zaka, monga zinacitikira ku Kramatorsk. Ceza cocepa colandiridwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali cimaunjikana.

Zizindikiro zoyambazo zimafanana ndi malungo kapena kudya cakudya coonongeka. Anthu angapo a m'nyumba imodzi akadwala pamodzi, ena amathamangira kuganiza za ufiti. Masiku amapita, cinthu coyambitsa matendaco ciri m'nyumba momwemo.

KULASIDWA NDI CEZA NDI KUDETSEDWA NDI FUMBI LAKE

Zinthu ziwirizi ziyenera kusiyanitsidwa. Kacitsulo kakakhala kosabooka, munthu amangolasidwa ndi ceza. Akacoka pamalopo, thupi lake silituruka ceza. Sangapatsire mkazi wake, ana ake kapena namwino womusamala, ndipo palibe cifukwa comusala.

Kakaswedwa, nkhani imakula. Caesium wa mkati akhoza kukhala ngati ufa kapena mcere, ndipo amamatirira ku manja, zobvala, cakudya ndi dothi. Izi zinacitika ku Goiânia m'dziko la Brazil mu September 1987. Anthu awiri otola zitsulo anatenga mbali ya makina ocizira khansa m'cipatala cosiyidwa, naiboola, naigulitsa kwa wogula masikirapu. Ufa wa mkati unali kuwala mobiriwira mu mdima, ndipo mwini malowo anagawirako acibale ndi anzake. Anthu anayi anamwalira, mmodzi wa iwo mtsikana wa zaka 6. Anthu pafupifupi 112,000 anapimidwa, 249 anapezeka ndi fumbilo, ndipo nyumba zina zinagwetsedwa. Ngoziyo inadziwika pamene mkazi wa wogula masikirapuyo anazindikira kuti matenda anayamba citabwera cinthuco, nacipereka ku ofesi ya zaumoyo. Iye anali mmodzi wa omwalirawo, koma kuulula kwake kunapulumutsa ambiri.

MMENE KATUNDU WOTERE AMADZIWIKIRA

Cizindikiro cacikuru ndi cithunzi ca mapiko atatu ozungulira kadontho, cooneka ngati fani, cakuda kapena cofiirira pa malo acikasu. Pa mabokosi a paulendo pamakhala cikwangwani ca ngodya zinayi, coyera kapena cacikasu ndi coyera, colembedwa mawu akuti RADIOACTIVE ndi nambala 7 pansi pake. M'caka ca 2007 panaonjezedwa cizindikiro cina ca anthu osadziwa kuwerenga: ngodya zitatu zofiira, mkati muli mapiko atatu aja, cigaza ndi mafupa, ndi munthu wothawa. Cimeneci cimaikidwa mkati mwa zipangizo zamphamvu kwambiri, kuti wofuna kuphwasula aone ndi kuleka.

Komabe zikwangwani zimafufutika ndi dzuwa, ndipo kacitsulo ka mkati nthawi zambiri sikakhala ndi cizindikiro cooneka bwino. Cotero munthu akayikire citsulo ciri conse cacing'ono koma colemera modabwitsa, cotengera cokhala ndi loko kapena kacitseko kolembedwa OPEN ndi SHUT, kapena kacitsulo konyezimira kokhala kunsonga kwa kawaya kafupi.

KUNO KWATHU

Migodi ya ku Copperbelt ndi ku North-Western Province, mafakitale ndi makampani omanga miseu amagwiritsa nchito zipangizo zotere. Zimacokera kunja, ndipo popeza Zambia iribe doko la pa nyanja yaikuru, mbali yaikuru ya katundu wake imayenda pa mseu. Malole amadutsa pa Great East Road usana ndi usiku, kudzera pa zipata za Mwami ndi Chanida. Lole ikagwa, anthu a m'midzi yapafupi amathamangirako, ena kukathandiza, ena kukatola katundu. Malonda a masikirapu nawonso akula, ndipo ana ndiwo amatola zitsulo zambiri m'mbali mwa mseu ndi ku zinyalala.

Lamulo loyang'anira zimenezi ndi Ionising Radiation Protection Act la caka ca 2005, limene linakhazikitsa bungwe la Radiation Protection Authority. Palibe munthu kapena kampani yololedwa kuitanitsa, kusunga, kunyamula kapena kutaya cipangizo ca ceza popanda cilolezo ca bungweli. Ndilo liri ndi akatswiri ndi makina opimira malo okayikitsa.

ZOYENERA KUCITA MUNTHU AKAPEZA CINTHU COKAYIKITSA

Citetezo ciri pa zinthu zitatu: nthawi, mtunda ndi cochinga. Nthawi ikacepa, ceza colandiridwa cimacepa. Mtunda ndiwo wothandiza koposa. Munthu akawirikiza kawiri mtunda wake, ceza comufika cimatsala gawo limodzi la magawo 4. Pa mamita 5 cimatsala gawo limodzi la magawo 25 a cimene cinali pa mita imodzi. Ici ndico cifukwa cake kacitsulo kamene sikangabvulaze munthu wodutsa pa njinga kakhoza kuola mwendo wa munthu wokasunga m'thumba.

1. Asacigwire, asacitsegule, asacimenye ndi nyundo, ndipo asaciike pa moto.
2. Acoke pamalopo msanga, atalikire mamita ambiri, ndipo acotse ana ndi ziweto.
3. Aike cizindikiro patali, monga nthambi kapena miyala, kuti ena asayandikire.
4. Auze apolisi, anchito a pa kiliniki kapena anyakwawa nthawi yomweyo, kuti uthenga ufike ku Radiation Protection Authority.
5. Ngati cafika kale m'nyumba, anthu ndiwo aturuke. Asacinyamule pa basi kapena pa njinga kupita naco ku polisi.
6. Asaciponye m'cimbudzi, m'citsime kapena mu mtsinje, ndipo asacikwirire. Kutero ndi kusungira ena ngozi kwa zaka makumi ambiri.
7. Ngati caswedwa ndipo ufa wamugwera, abvule zobvala zonse ndi kuzimanga m'pulasitiki patali ndi anthu, kenaka asambe ndi sopo ndi madzi ambiri popanda kukhula khungu mwamphamvu. Kubvula zobvala kokha kumacotsa mbali yaikuru ya fumbilo. Asadye kapena kusuta asanasambe m'manja.
8. Onse amene anacigwira kapena kugona pafupi naco apite ku cipatala, ngakhale akumva bwino, ndipo anene zoona zonse.

Mkaka, makala ndi mankhwala a zitsamba sizicotsa ceza. Mankhwala oturutsa caesium wolowa m'thupi alipo, ochedwa Prussian blue, ndipo anagwiritsidwa nchito ku Goiânia, koma amaperekedwa ndi madokotala okha pambuyo popima. Wina akhoza kuopa kuulula poganiza kuti adzamangidwa kaamba kotola katundu wa eni. Mlandu wotola ndi waung'ono poyerekeza ndi maliro a mwana.

KWA OYENDETSA MALOLE NDI ENI KATUNDU

Woyendetsa ali ndi ufulu wodziwa cimene wanyamula. Afunse mapepala a katundu ndi nambala ya foni ya munthu woimbira pakagwa ngozi. Bokosi likhale lokhoma, lomangidwa bwino, ndipo liikidwe kutali ndi pokhala anthu. Asanyamule apaulendo, ndipo asasiye motoka yokha pa malo omwera kapena ogona. Poima pali ponse aone ngati zomangira zikali zolimba. Pakagwa ngozi, atalikitse anthu ndi kuuza apolisi za katunduyo asanayandikire.

Mwini cipangizo apime bokosi ndi makina ozindikira ceza lisananyamuke, ndipo wolandira apimenso tsiku lomwelo lafika. Muyeso ukatsika mosayembekezeka, ndiye kuti kacitsulo mulibe. Ku Australia masiku 9 anatayika bokosi liri cikhalire. Cipangizo cikasowa, auze boma ola lomwelo, cifukwa kubisa poopa manyazi kumapatsa nthawi wotola kuti acifikitse kunyumba.

KWA ANCHITO A ZAUMOYO

Wodwala akabwera ndi cironda ngati ca moto koma akukana kuti anapsa, kapena anthu a m'nyumba imodzi akusanza pamodzi ndipo malungo sakupezeka, afunsidwe mafunso awa: Kodi amagwira nchito yanji? Kodi m'masabata apitawa anatola kapena kugula citsulo cacilendo? Kodi cinthuco ciri kuti tsopano, ndipo ndani wina anacigwira? Alembe tsiku ndi ola limene kusanza kunayamba, ajambule cirondaco ngati nkotheka, ndi kutumiza wodwalayo ku cipatala cacikuru kumene angawerenge maselo oyera a magazi mobwerezabwereza. Maselo ochedwa lymphocyte amayamba kutsika m'masiku awiri oyamba. Wobvulala pa ngozi ya pa mseu athandizidwe msanga monga wodwala wina ali yense. Magolovesi, epuloni ndi cophimba kukamwa zimachinjiriza namwino ku fumbi la pa thupi la wodwalayo.

Phunziro lino lisacititse munthu kukana X-ray ya ku cipatala kapena cithandizo ca khansa. Kumeneko ceza cimapimidwa bwino ndipo ciri m'manja mwa anthu ophunzitsidwa. Coopsa ndi ceza cosowa mwini.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAKALASI NDI M'MAKOMITI A ZAUMOYO

1. Kodi makina a X-ray amasiyana bwanji ndi kacitsulo ka caesium-137?
2. Ndi zinthu ziti zinacititsa kuti ku Australia kusafe munthu, pamene ku Kramatorsk anafa anayi?
3. Cifukwa ninji munthu wolasidwa ndi ceza akhoza kuganiza kuti wacira pamene akali pangozi?
4. Mwana akabwera kunyumba ndi kacitsulo kolemera kamene watola pa mseu, kodi kholo liyambe kucita ciani?
5. M'dera lino, ndani angauzidwe msanga, ndipo uthenga ungafike bwanji ku boma tsiku lomwelo?